Ngalawa za matanga za ku Cóbuè

Ife a ku Angónia timadziwa mbatatesi, chimanga ndi ng'ombe. Nyanja ya Niassa timaidziwira pa usipa wouma umene timagula pamsika wa Ulongwe kapena ku Lizulu. Koma anthu amene amayenda pamadzipo ndi oyenera kuwathokoza.

Pakati pa Cóbuè, m'chigawo cha Niassa, ndi chilumba cha Likoma, ngalawa zamatabwa zimawolokabe ndi thanga. Mmisiri amapinda matabwa, kuwakhomera pa nthiti za ngalawa, n'kutseka mipata kuti madzi asalowe. Alibe pulani yapapepala. Muyeso uli m'maso mwake. Woyendetsa naye ayenera kuzindikira mphepo. Mwera, wochokera kummwera m'miyezi yozizira, umautsa mafunde oopsa, ndipo wanzeru amadikira pagombe mpaka utaleka. Mpoto ukamawomba, thanga amalimangira kwina. Mafuta sagula, n'chifukwa chake mayi wosauka amatha kuwolotsa ufa, nkhuni ndi nthochi kukagulitsa ku Likoma, kumene nthaka ndi yochepa.

Mbiri ya ngalawazi ili ndi chilonda. M'zaka za m'ma 1800, Jumbe wa ku Nkhotakota ankawolotsa nazo akapolo ndi minyanga kupita kutsidya la kummawa. Luso lomwelo lero limanyamula odwala kupita kuchipatala cha St Peter's ku Likoma.

Pagombe ntchito siitha: ena akusoka ukonde wa chilimira, ena akuyanika usipa pathandala, ndipo anyamata akuphunzira kumanga zingwe poona akulu awo.