Diso la Kanema Limaona Kumene Lalozedwa

Pali chikhulupiriro china chimene chidazika mizu pakati pathu, chakuti nkhani yongomva ingathe kukhala yabodza, koma chimene taona pa kanema nchoona basi. Munthu akangoti, "Ndadziwonera ndekha ndi maso angaŵa," mkangano umathera pomwepo. Chikhulupirirochi chimakula tikamaonera makanema a zochitika zenizeni, m'mene mulibe ochita seŵero, koma anthu enieni ndi midzi yeniyeni. Komatu kuseri kwa chithunzi chilichonse kudaima munthu amene adasankha koloza makina ake, ndipo pambuyo pake wina adakhala pansi nadula zimene sadafune kuti tione.

Titenge mtsinje wathu wa Likangala, umene umachokera m'phiri la Zomba, nudutsa m'tauni, nukathira m'nyanja ya Chilwa. Wojambula wina angakwere kumtunda naonetsa madzi oyera akutsetsereka m'miyala. Mnzake angaime m'kati mwa tauni naonetsa zinyalala zikuyandama. Mwa aŵiriŵa palibe wanama, koma amene waona kanema mmodzi yekha sadziŵa Likangala. Kukondera kwa kanema kaŵirikaŵiri kumabisala m'zimene zasiyidwa.

Mbiri yathu ikuchitira umboni zimenezi. Pakati pa 1935 ndi 1937, bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment lidapanga makanema ku Tanganyika, nkumayenda nawo pa galimoto mpaka kuno ku Nyasaland. Mu 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kuti izipangira makanema anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko aŵiri a Rhodesia. Makanema ameneŵa sadali a zochitika zenizeni kwenikweni, pakuti ambiri adali tinthano tophunzitsa, koma ankaonetsedwa ngati chithunzi choona cha moyo wathu. Kaŵirikaŵiri munkakhala anthu aŵiri, wanzeru ndi wopusa. Wanzeru ndiye womvera mlangizi wa boma, ndipo nkhokwe yake inkadzaza. Wopusa ndiye wokakamira za makolo, ndipo ankagona ndi njala. Mu kanema wa Mulenga Goes to Town mnyamata apita kutauni, zimuvuta, nabwerera kumudzi. Phunziro lake lidali loonekeratu, lakuti malo a munthu wakuda ndi kumudzi. Koma makanemawo sankafotokoza za msonkho umene unkathamangitsa amuna kupita ku migodi, kapena za thangata m'minda ya azungu, kapenanso za chindapusa ndi ndende zimene zinkadikira wokana malamulo a malimidwe.

Kodi makolo athu adameza zonsezi? Iyai. Anthu ankasonkhana mwaunyinji galimoto ya kanema ikafika, pakuti chidali chinthu chachilendo, koma olemba mbiri amati nthaŵi zina ankaseka pamene opanga kanema sadafune kuti pasekedwe. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, bungwe lija lidasanduka cholankhulira cha boma la chitaganya, ndipo m'madera ena anthu adayamba kuŵakana makanemawo. Ankayerekeza zimene akuona pa nsalu yoyera ija ndi zimene ankakumana nazo m'munda ndi ku bwalo la milandu, napeza kuti sizikugwirizana. Chitaganya chitatha mu 1963, ntchito ya bungwelo m'dziko muno idathera pomwepo.

Ufulu utabwera mu 1964, makina adasintha manja, koma khalidwe lija lidatsala. Lamulo lopima makanema ndi mabuku lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo dziko lino lidakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999. Magalimoto a dipatimenti yofalitsa nkhani ankaonetsa Dr Kamuzu Banda akuyendera mbeu m'minda yobiriŵira, amai akuvina ndi kuimba. Mindayo idalipodi, magulewo adavinidwadi. Koma ndende ya Mikuyu, kufupi ndi Zomba konkuno, kumene ankatsekera anthu popanda kuŵazenga mlandu, sinkaoneka pa nsalu ija. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'menemo kuyambira 1987 mpaka 1991.

Alendo otifunira zabwino nawonso ali ndi kumene amaloza makina awo. Mu 2008 kudatuluka kanema wa I Am Because We Are, wolembedwa ndi Madonna, wonena za ana amasiye a m'Malaŵi. Masautso amene adaonetsedwawo ngoona, ndipo sitingaŵakane, pakuti maliro a matenda a Edzi tidaŵalira tokha. Koma mau otsogolera nkhaniyo ndi a mlendo, ndipo mwa ofotokoza mavuto athu muli anthu otchuka akunja monga Bill Clinton ndi Jeffrey Sachs. Kanema wopangidwa kuti akhudze mitima ya anthu akutali amafuna misozi, ndipo kwa woonera wa ku London kapena New York amene sadaonepo china, Malaŵi yense amasanduka bwalo la maliro.

Tsono tisafulumire kunena kuti kanema aliyense woima mbali imodzi ngwoipa. Mu 2022 a BBC adaulutsa Racism for Sale, woulula munthu wina wa ku China amene ankajambula ana a ku Njewa, ku Lilongwe, akunena mau odzinyoza m'chilankhulo chimene sankachimva, nkumagulitsa zithunzizo. Atolankhaniwo adaima mbali ya ana poyera, koma adaonetsa umboni wawo, namufunsa mwini wakeyo kuti ayankhe. Munthuyo adagwidwa ku Chipata, nabwezedwa kuno, ndipo khoti lidampeza wolakwa mu 2023. Apa mpamene pali kusiyana. Woima mbali moona mtima amaonetsa pamene waima, napatsa mnzake mpata wolankhula. Wokondera amabisa mbali inayo, nadziwonetsa ngati alibe mbali.

Chotsala ndi ife oonera. Mtima wa munthu uli ndi chizoloŵezi chakuti kanema akagwirizana ndi maganizo ake amati, "Izi ndiye zoona," koma akamutsutsa amati, "Aŵa adalipidwa." Motero kukondera kumene timakuona msanga nkumene kwatiponda chala, ndipo kumene kukutikomera timakulandira ngati mlendo wolemekezeka. Masiku ano, pamene timakanema tafupitafupi tikuyenda pa mafoni kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, makamaka nyengo ya zisankho, chizoloŵezichi chingathe kudanitsa abale ndi kuipitsa mbiri ya munthu wosalakwa tsiku limodzi lokha.

Ku bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa atamva mbali imodzi. Mfumu imafunsa wodandaula, nifunsanso wodandaulidwa, niitana mboni. Nzeru yomweyo tiloŵe nayo m'nyumba zathu. Tikaonera kanema pamodzi ndi ana athu, tisangozimitsa nkukagona. Tiŵafunse kuti wapanga kanemayu ndani, walipira ndani, wapangira anthu ati, ndipo ndani amene akunenedwa koma sadapatsidwe mpata woyankha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wozoloŵera mafunso otere sadzameza chilichonse, ndiponso sadzataya chilichonse ngati bodza, koma adzadziŵa kuti zimene waonazo ndi umboni wa mboni imodzi, woyenera kuumva mwaulemu ndi kuupima.