Za Buku la Bwana Baldwin ndi Makina Omasulira Mau

M'caka ca 2019 mphunzitsi wa za cuma, dzina lace Richard Baldwin, amene anali kuphunzitsa ku Geneva, anaturutsa buku lochedwa The Globotics Upheaval. Mau ace akuru ndi awa: kale katundu yekha ndiye anaoloka nyanja, koma tsopano nchito ya m'ofesi idzaoloka nayonso, pakuti makina anzeru aphunzira kumasulira manenedwe a mitundu. Motero kalaliki wokhala ku Manila akhoza kulemba makalata a sitolo ya ku London ali cikhalire kwao.

Ife tidziwa ulendo wa kukafuna nchito. Makolo athu anapita ku Joni ndi Wenela, nasiya akazi alikulima okha, ndipo ena sanabwerenso. Cifukwa cace mbiri ya munthu wogwira nchito ya kutali osacoka pa khonde lace itikomera m'makutu. Sitikananso kuti mlembiyo anapenya patali. Google inayamba kumasulira Cicewa m'caka ca 2014, ndipo mu 2022 anaturuka makina ochedwa ChatGPT, amene ayankha mafunso monga munthu.

Koma ine ndiona kuti buku ili linalembedwa ndi mtima wa kalaliki wa ku Ulaya amene aopa kulandidwa mpando. Za iye amene alandira nchitoyo linena pang'ono. Mu 2023 magazini ya Time inaulula kuti anyamata ndi atsikana a ku Nairobi analembedwa nchito ya kuwerenga mau onyansa, a zaciwerewere ndi zakupha, tsiku lonse, kuti makina a ChatGPT aphunzire kuwapewa. Ndipo malipiro ao sanafike madola 2 pa ora. Ena a iwo anati zimene anawerengazo zinawasautsa m'mtima kufikira kuwasowetsa tulo. Nchito inaolokadi nyanja, koma phindu lace linatsala tsidya lija.

Mlembiyo ayesanso kuti mpanda wa manenedwe ulikugwa kwa onse pamodzi. Si tero iai. Makinawo aphunzira powerenga zolembedwa zambirimbiri. Cingerezi ciri ndi nkhokwe zodzala, ife tiri ndi kadengu. Kotero adziwa cinenero cathu monga mlendo wogona usiku umodzi m'mudzi, wodziwa moni ndi zikomo, koma wosadziwa mbumba iri ya yani. Taganizani: Mngerezi achula malume ndi bambo wamng'ono ndi liu limodzi. Kalata yocokera ku Leeds ikanena za munthu wotere, makina ayenera kusankha okha mmodzi wa awiriwa, osadziwa banjalo. Pa nkhani ya malonda colakwaco ncacing'ono. Koma kalatayo ikakhala ya ukwati kapena ya maliro, a kwa Cadza adzafuna kudziwa ngati wanena mauwo ndi mwini mbumba kapena ndi wa kucimuna.