Mponyapatali wa ku Whitehouse

Wambani mbalule pamoto, anyamata a ku Nsaru, chikopa chikungike. Mpanje uyankhire ku Kabudula, gunda agunde mpaka a ku Nambuma atuluke m'zigafa. Lero tikutamanda mlendo, mwana wa kutsidya kwa nyanja yamchere, katswiri wa mpira umene kuno sitiusewera: mpira wonga papaya, woponya ndi dzanja, amuna atavala zisoti ngati akabaza a njinga zamoto.

Patrick Mahomes! Mponyapatali! Dzanja-ndi-legeni! Wobadwira ku Tyler, m'chigawo cha Texas, pa 17 Seputembala 1995. Mwana wa a Pat Mahomes, amene ankaponya baseball m'ligi yaikulu ya ku America. Timati make mbuu, mwana mbuu, koma uyu mkono anatengera bambo.

Malo ako amati quarterback. Musadabwe nalo dzinalo, amayi a ku Mpingu, ameneyu ndiye mbalule ya timu. Ndiye amaitana, anzake n'kuvomera. Mpira ukafika m'manja mwake, zimphona zimamuthamangira kuti zimugwetse, iye maso ali kutali, kusaka mnzake woti amuponyere.

Iwe wa ku sekondale ya Whitehouse! Mafuwa-atatu-mphika-umodzi, pakuti baseball inali yako, basketball yako, mpira wa papayawu wakonso. Chaka chomaliza unaponya mayadi 4,619, zigoli zimene amati touchdown 50 zochokera m'dzanja lako, zina 15 unakaziperekeza wekha ndi miyendo. A Detroit Tigers anakukodola mu 2014 kuti ulowe m'munda wa bambo ako. Unapukusa mutu. Wokana-khasu-la-bambo, wosula lakelake!

Unapita ku Texas Tech, mumzinda wa Lubbock, dziko lathyathyathya la thonje ndi mphepo, fumbi lake ngati la msewu wa ku Kabudula mu Okutobala. Unayamba ndi kutenthetsa benchi. Quarterback woyamba Davis Webb atavulala, mphunzitsi Kliff Kingsbury anati dzuka. Unadzukadi, mwana wa chaka choyamba, ndipo a Baylor anakuwerengera mayadi 598 tsiku limodzi.

Tsono apa chepetsani ng'oma, ndinene bwino. Pa 22 Okutobala 2016 kunabwera a Oklahoma, patsogolo pali Baker Mayfield, amenenso anayambira pa Texas Tech pomwepo asanasamuke. Usiku umenewo unaponya maulendo 88, anzako anawakha 52. Mayadi 734! Lumikizani mabwalo a mpira asanu ndi limodzi, mtunda utsalabe. Kuphatikiza ndi amene unathamanga wekha, anakwana 819. Nanga anapambana ndani? Oklahoma 66, Texas Tech 59. Iwe ukamwetsa, iwonso amwetsa. Iwe kuthira chimanga pamwamba, otchinga kumbuyo ako atasiya nkhokwe yobooka pansi. Chaka chimenecho unaponya mayadi 5,052, n'kulandira mphotho ya Sammy Baugh, koma timu inapambana kasanu kokha, n'kugonja kasanu ndi kawiri.

Ine dzina limene ndikupatsa ndi la usiku umenewo, ena anene za zikho zimene zinadza pambuyo. Wodzaza-nkhokwe-yobooka! Wolima-mvula-itakana! Mlimi wa fodya wa ku Namitete, amene anabwerako ku okushoni ku Kanengo thumba lili pepuu koma n'kukafesanso nazale, akudziwa chimene ndikunena.

Mu 2017 a Kansas City Chiefs anakutenga, munthu wa nambala 10 pa chisankho cha osewera ochokera m'makoleji. Ndipo pano ndisinthe pakamwa, ndizinena kuti inu, a Mahomes, pakuti inu ndi akazi anu a Brittany, amene munadziwana nawo ku Whitehouse komweko, muli m'gulu la eni ake a Kansas City Current, timu ya amayi ya mpira wamiyendo. M'timu imeneyo ndi mmene muli mwana wathu wa ku Rumphi, Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 m'ligi ya kumeneko.

Mbalule yazizira, anyamata. Ibwezereni pamoto, wotsatira ndi Temwa.