Tsabola wakale ndi maiki asanu

Mnyamata amene amandimeta ku Ndirande sanakwanitse zaka 25, koma akayamba kukamba za rapu ya ku America amagamula ngati anakulira ku Bronx. Tsiku lina makina ali m'mutu mwanga, pa sipika pankalira King's Disease III ya Nas. Mnzake amene ankadikira pabenchi anati, "Aise, tachotsa madala amenewa, anatha kalekale." Wometayo anazimitsa makina, mutu wanga uli wometedwa mbali imodzi, n'kuyamba kuwerenga zala: Illmatic anaipatsa maiki asanu, King's Disease inatenga Grammy, nanga wakoyo ali ndi chiyani? Wapabenchi anangoti tsabola wakale sawawa. Ine ndinali duu, poti munthu amene wagwira makina pamutu pako sulimbana naye. Koma ndinaona kuti pa awiriwo panalibe amene anatchulapo chimene chinkamveka pa sipikapo. Wina anakakamira zaka, wina zikho ndi malikisi.

Maiki asanuwo ali ndi mbiri yake. Magazini ya The Source, imene David Mays ndi Jon Shecter anayambitsa mu 1988 akuphunzira ku Harvard, inkapereka malikisi ku chimbale pojambula timaiki, tisanu kukhala mapeto. M'zaka za m'ma 1990 mawu ake ankamveka ngati chigamulo cha kubwalo. Illmatic inalandira onse asanu mu 1994. Koma The Chronic ya Dr. Dre anaipatsa anayi ndi theka, Ready to Die ya Notorious B.I.G. chimodzimodzi, Reasonable Doubt ya Jay-Z anayi okha. Pofika 2002 magaziniyo inabweza mawu n'kuzikweza zonsezi kufika pa asanu. M'zimbalemo munalibe ng'oma ngakhale imodzi imene inasintha. Anangochedwa kumva ndi olembawo, ndipo sindiwanena, chifukwa wolemba ndemanga amapatsidwa masiku owerengeka kuti aweruze chinthu chimene anthu adzakhala nacho zaka makumi atatu. Za Grammy ndiye musachite kunena: mu 2014 The Heist ya Macklemore ndi Ryan Lewis inagonjetsa good kid, m.A.A.d city ya Kendrick Lamar, mpaka Macklemore mwini wake anatumiza uthenga wopepesa kwa Kendrick.

Tsono tiyeni timvere Illmatic yeniyeniyo. Nas anali ndi zaka 20. Mwaikidwa nyimbo khumi, imodzi ili yotsegulira chabe, ndipo chimbale chonse sichikwana mphindi 40. Mabiti anaphika ndi DJ Premier, Pete Rock, Q-Tip, Large Professor ndi L.E.S., mlendo worapa ndi AZ yekha, ndipo bambo ake a Nas, Olu Dara, akuliza lipenga kumapeto kwa nyimbo ina. Luso lake lili pa kathithikidwe ka mawu. Oyimba ambiri nthawi imeneyo ankadikira kumapeto kwa mzere kuti agwirizanitse mamvekedwe a mawu. Nas amawagwirizanitsa m'kati mwa mzere momwe, kawiri, katatu, chiganizo n'kudumphira mumzere wotsatira asanapume. Mu N.Y. State of Mind amamveka ngati munthu amene akuthamanga m'makwalala a Queensbridge uku akukufotokozera zimene akuona, ndipo piyano ya Premier ikungobwereza pamodzimodzi ngati mtima wa munthu wamantha. Imeneyo ndi ntchito ya mapapo a mnyamata ndi maso a mnyamata. Munthu wa zaka 50 akayesa kuichita chimodzimodzi, ngakhale mpweya utamulola, tidzamva kuti akusewera sewero.

Apa ndi pamene anthu okonda Nas amamuchimwira kuposa adani ake. Chimbale chilichonse chimene watulutsa chiyambire amachiika pa sikelo imodzi ndi Illmatic, chikapepuka n'kumati mkuluyu watha. Amaiwala kuti chimbale chake chimene ambiri amachinyoza, Nastradamus, chinatuluka mu 1999 ali ndi zaka 26. Ukalamba unalibepo mlandu pamenepo. Anathamangira nyimbo za pa wailesi, n'kusankha mabiti osamuyenera.

Funso loyenera kufunsa mkhalakale ndi lakuti zaka zamupatsa chiyani chimene analibe. Yankho labwino limene ndinamvapo ndi 4:44 ya Jay-Z, ya 2017, ali ndi zaka 47. Anatenga wophika mabiti mmodzi, No I.D., amene anadula tizidutswa ta nyimbo za Nina Simone ndi Stevie Wonder n'kutisiya tikumveka ukale wake osatipukuta. Pa nyimbo imene yapereka dzina ku chimbalechi, mawu a Hannah Williams akulira kumbuyo, ndipo Jay-Z akupepesa kwa mkazi wake Beyoncé. Tamverani mmene akuyendera pa biti. Munthu amene kale mawu ake ankatsetsereka ngati mafuta pano akukhumudwa, akuchedwa, akusiya mipata, mizere ina ikutha mamvekedwe osagwirizana bwinobwino. Poyamba ndinkaganiza kuti waulesi. Nditamvanso ndinazindikira kuti kupepesa kosalala sikukhulupirika. Mwamuna amene akuvomera kulakwa pamaso pa ankhoswe mawu ake amakodwa pakhosi. Mnyamata wa Reasonable Doubt sakanayimba choncho, sanali ndi choti ataye. Pa Smile anaikamo ngakhale mawu a mayi ake, Gloria Carter. Chaka chotsatira Jay-Z anapita ku Grammy atatchulidwa m'magawo asanu ndi atatu, n'kubwerako chimanjamanja.

André 3000 wa OutKast anasankha njira ina. Mu 2023, ali ndi zaka 48, anatulutsa New Blue Sun, chimbale cha zitoliro chopanda vesi ngakhale imodzi, n'kunena poyera kuti pa msinkhu wakewo sakuona choti arape. Ndimamulemekeza chifukwa sananame, koma sindigwirizana naye. Miyezi itatu isanathe Killer Mike, mnzake wa ku Atlanta komweko amenenso anabadwa mu 1975, anatenga ma Grammy atatu ndi Michael, chimbale chodzaza ndi makwaya a kutchalitchi ndi maliro a mayi ake ndi agogo ake. Pa nyimbo ya m'chimbalemo imene inapambana, Scientists & Engineers, vesi yotsegulira ndi ya André yemweyo. Nkhani zilipo, chimene chikusowa ndi chizolowezi. Rapu inabadwa mu 1973 pa phwando la DJ Kool Herc ku Sedgwick Avenue, ndiye kuti m'badwo wa Nas ndi umene ukuyamba kukalambira pa maiki anthu akuonerera, popanda wakale woti uonereko. Kwathu kuno palibe amene anauzapo a Giddes Chalamanda kuti atule gitala chifukwa cha imvi, ndipo Linny Hoo inavinidwa ndi ana a pa TikTok. Rapu yokha ndiyo imafunsa chiphaso cha kubadwa pakhomo.

Wapabenchi uja sanalakwe zonse. Alipo akuluakulu amene amabwereka kayimbidwe ka ana, n'kumamveka ngati bambo amene wavala buluku la mwana wake. Aliponso amene chimbale chonse amangodandaula kuti masiku ano kulibe rapu, kukumbutsa anthu zimene anachita kale. Nas mwiniyo anatcha chimbale chake cha 2006 kuti Hip Hop Is Dead. Ndipo zimbale zisanu ndi chimodzi zimene anapanga ndi Hit-Boy kuyambira 2020 mpaka 2023 zinachuluka. Muli nyimbo zokamba za ndalama ndi mabizinesi zimene zimanditopetsa ngati msonkhano wa bodi. Akanapeta bwino zikanatsala zitatu.

Koma chimene chinkalira pometera paja chikanatsala pa zitatuzo. Hit-Boy, wocheperapo ndi zaka 14, anamupatsa mabiti amakono opanda kumukakamiza kuti avine ngati mwana, ndipo Nas anarapa yekha kuyambira koyamba mpaka kumapeto, wopanda mlendo womuthandiza. Mawu ake atsika, akhuthala, amapuma pamene kale sakanapuma, ndipo akabwerera ku Queensbridge amapitako ngati munthu wokaona manda a anzake. Ndikanakhala ndi timaiki ta The Source ndikanaipatsa King's Disease III tinayi, ndipo pakati pa zimbale zake zonse ndimaiika pambuyo pa Illmatic ndi Life Is Good.