Mwana wachitatu wa Tevye

Filimu ya Fiddler on the Roof, imene anatsogolera Norman Jewison m'chaka cha 1971, imatenga pafupifupi maola atatu, ndipo nyimbo zake zachuluka kuposa mmene ambiri a ife tingapirire. Ndinaionera mpaka kumapeto chifukwa cha mtsikana mmodzi, Chava.

Nkhani ikuchitika m'chaka cha 1905 m'mudzi wa Anatevka, mu ufumu wa Russia. Tevye ndi Myuda wosauka wogulitsa mkaka, bambo wa ana aakazi asanu. Wachisamba akana mwamuna wachuma amene anamusankhira, nakwatiwa ndi telala. Tevye ang'ung'udza, kenako alola. Wachiwiri atsatira bwenzi lake ku Siberia, alolanso. Koma Chava akwatiwa ndi Fyedka, Mkhristu, pamaso pa wansembe, ndipo apa bamboyo aima nji. Auza mkazi wake kuti kwa iwo mwanayo wamwalira.

Chimene filimuyi yachita bwino n'chakuti sinamusandutse Tevye chilombo. Topol, amene anasewera mbali imeneyi, akutionetsa munthu amene chikondi chikumukokera kuno, chikhulupiriro uko. Mu Russia wa nthawi imeneyo Myuda sankakwatirana ndi Mkhristu wa mpingo wa Orthodox asanabatizidwe, choncho Chava sanangosintha khomo, anasintha ndi chipembedzo. Bambo wachisilamu wa ku Kaporo kapena ku Chilumba, kumene mzikiti wazunguliridwa ndi matchalitchi a CCAP ndi a Katolika, safuna womumasulira nkhope imeneyo. Shariya imalola mwamuna kukwatira mkazi wa mwa anthu a Buku, koma siilola mwana wamkazi kutero, ndipo pa mwambo wa Ankhonde malowolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Amadziwa kuti akalola, walola ndi adzukulu omwe.

Apa mpamene filimuyi yandikhumudwitsa. Kwa Ayuda mwana amatengera Uyuda kwa mayi ake, kotero ana a Chava akanakhala Ayuda pa lamulo la agogo awo, Akhristu pa lamulo la boma. Funso lolemera chotere silinakhudzidwe n'komwe. Fyedka nayenso ndi chithunzithunzi chabe: mnyamata waulemu wobwereketsa buku. Mayi ake sitiwaona, ngati kuti kwawo kulibe amene analira. Ife timadziwa kuti ukwati wotere umaliritsa makomo awiri, ndipo mavuto ake enieni amayamba phwando litatha: dzina la mwana, mdulidwe, mphika umene mwaphikidwa nkhumba, mwezi wa Ramadhan, ndi manda amene munthu adzagone.

Sholem Aleichem, amene analemba nkhani za Tevye m'chinenero cha Chiyidishi, anamaliza mosiyana. M'nkhani yake Chava asiya mwamuna wake Ayuda akuthamangitsidwa, nabwerera kwa bambo ake. Mathero amenewo ngotonthoza kholo, koma mtengo wake ndi banja lotha. A filimu anasankha njira ina. Chava ndi Fyedka abwera limodzi kudzatsazika, akupita ku Kraków chifukwa sakufuna kukhala pakati pa anthu othamangitsa anzawo. Ena amati apa filimu inafewetsa nkhani kuti ikomere oonera a ku America, kumene maukwati otere anali kuchuluka. Mwina n'zoona, koma kwa ine mphindi imeneyi ndiyo yonena zoona kuposa zonse.

Tevye satembenuka. Apitiriza kumanga katundu, maso ali pa chingwe, kenako anong'ona mawu a dalitso, osati kwa Chava, koma ngati akulankhula ndi ngolo. Mkulu wake wa Chava, Tzeitel, ndiye awatola mawuwo nawafuula kuti amve. Ndaonapo zotere pa maliro ena kuno kunyanja: bambo ali chete pamkeka, azakhali akutuluka kuseri ndi mbale ya mpunga, kukapatsa mwana amene waima kunja kwa mpanda.