Phunziro la ku Sikelo ndi Amene Salimva

Mwa sukulu zonse zimene zili m'dziko muno, palibe imene ili ndi ophunzira okhulupirika kuposa sukulu ya ku sikelo. Ilibe belu, ilibe mayeso, ndipo m'malo ambiri ilibe ngakhale denga, koma mthunzi wa mtengo wa mango umene nthambi yake imanyamula sikeloyo. Komabe mwezi ndi mwezi amayi a kwa Kuntumanji, kuchokera m'midzi yoyandikana ndi dambo la nyanja ya Chilwa, amalawira m'mamawa, mwana kumsana, kabuku ka kuchipatala m'manja, kuti akakhale pansi ndi kumvera. Ana asanayambe kupachikidwa pa sikelo, mlangizi wa zaumoyo amaimirira naphunzitsa za kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, za katemera, za kugona m'masikito, za madzi a Thanzi pamene mwana watsekula m'mimba, ndiponso za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Amayi amavomereza ndi nyimbo, naomba m'manja. Phunziro limeneli ndilo tifuna kulisanthula, pakuti mabanja ambiri a kumudzi alibenso kwina kumene achipatala amawalangiza za kaleredwe ka ana.

Tisanadandaule tiyenera kuyamika, chifukwa sukuluyi yachita zazikulu. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo m'Malawi, ana 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wonga yemweyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti chiwerengerocho chidatsika kufika pa 63. Sikelo siidachite zimenezi yokha, koma katemera, mavitamini ndi malangizo amene adapulumutsa ambiri mwa ana amenewa adadzera pakhomo pake. Nzeru yosonkhanitsa ana osapitirira zaka zisanu pamalo amodzi, nkumalemba kulemera kwao pa khadi losungidwa ndi mayi mwini, idachokera kwa Dr David Morley, amene adaiyesa pa mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Cholinga chake chidali chakuti mzere wa pa khadi uziyankhula ndi banja, kholo liziona lokha ngati mwana akukwera kapena akutsika, matenda asanafike poonekera.

Tsono taonani chiwerengero china. M'chaka cha 2010 ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndiye kuti aafupi mosayenera msinkhu wao chifukwa chosowa chakudya choyenera kwa nthawi yaitali. Pofika 2015 ndi 2016 adali 37. Kafukufuku yemweyo adaonetsa kuti mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha ndiwo ankalandira chakudya chokwanira m'mitundu yake ndi m'kuchuluka kwa nthawi zodyera. Koma mutaimitsa mayi aliyense pa msika wa Songani nkumufunsa magulu a zakudya, adzakutchulirani mosadodoma: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mwina adzakuimbirani ndi nyimbo yake yomwe. Ngati ophunzira aloweza phunziro chotere koma m'mbale ya mwana mulibe kusintha, sitinganenenso kuti vuto ndi umbuli wa amayi. Umphawi uli ndi gawo lake lalikulu, ndipo tibwererako. Koma ife tiganiza kuti palinso cholakwika m'kaphunzitsidwe komweko: phunziro limaperekedwa kwa munthu amene ali ndi mphamvu zochepa pa zinthu zimene likulamula.

Tilingalire za banja la kufupi ndi nyanja. Ndiwo zimene mlangizi akunena sizili kutali ai. Matemba, milamba ndi makumba zimatuluka m'Chilwa momwemo, ndipo matemba ouma osinjidwa nkuthiridwa m'phala la mgaiwa ndi chakudya chimene mwana wa mumzinda angachisirire. Mpunga umalimidwa m'madambo omwewo. Koma nsomba ndi ndalama, mpunganso ndi ndalama, ndipo m'mabanja ambiri wolamula za kugulitsa ndi bambo. Iyeyo ndiye adziwa kuti dengu lonse likwere njinga kupita ku Zomba kapena patsale mbale imodzi ya pakhomo. Ngati ali msodzi, amatha milungu ali m'zimbowera, tinyumba toyandama tija ta pakati pa mabango, ndipo za mzere wa m'kabuku ka mwana wake sazidziwa nkomwe. Mayi akabwera ku sikelo ndi mau akuti mwana azidya dzira, akunena za nkhuku imene mwina sangaigwire popanda kupempha.

Palinso wina amene sakhala pa mphasa ya sikelo, ndiye gogo. Kuno kwa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, kumene mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi, mayi wachitsikana amalera mwana wake woyamba pamaso pa mayi ake ndi azakhali ake. Khanda likalira usiku, ndi gogo amene amagamula kuti mkaka wa m'mawere sukukwanira, lipatsidwe phala lamadzimadzi kapena madzi a zitsamba, ngakhale lili ndi miyezi iwiri yokha. Mtsikana wa zaka 18 angatsutse bwanji mayi amene adalera ana asanu ndi awiri? Adzanena kuti "Amayi, kuchipatala akuletsa," ndipo adzayankhidwa kuti iye mwini adakula ndi phala lomwelo. Nkhani ithera pomwepo. Mlangizi adaphunzitsa bwino, wophunzira adamva bwino, koma chigamulo chidaperekedwa ndi munthu amene sadaitanidwe.

Chodabwitsa nchakuti makolo athu, amene timawanena kuti sankadziwa za zakudya, sadalakwitse pa mfundo imeneyi. Mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi nkufiira, iwo ankati ndi tsempho, ndipo woyamba kufunsidwa adali bambo: wayenda kuti, wachita chiyani pamene mwana akali wakhanda? Mwana akafooka chifukwa mayi waima msanga, ankati ndi utumbidwa, ndipo ankhoswe ankadzudzula mwamuna ndi mkazi pamodzi. Lero tidziwa kuti kutupikana kumeneku ndi kunyentchera, ndipo kuti mankhwala ake ndi chakudya ndi chipatala, osati zitsamba; ana ambiri adataya moyo chifukwa banja lidachedwa kwa sing'anga likufufuza wolakwa. Chikhulupiriro chimenecho sitikuchiikira kumbuyo. Komabe m'kati mwake mudali choonadi chimodzi, chakuti thanzi la mwana lili pa mutu wa bambo ndi mbumba yonse. Nkosangalatsa kuti dzina lakuti kwashiorkor, limene Dr Cicely Williams adalilowetsa m'mabuku a madokotala m'zaka za m'ma 1930 ali ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, ndi mau a anthu a mtundu wa Ga onena za matenda a mwana wolandidwa bere ndi mng'ono wake. Ndi utumbidwa womwewo m'chinenero china. Chipatala chidachotsa bodza la m'chikhulupiriro chakale, ndipo chidachita bwino. Koma pochotsapo chidamasulanso bambo ku mlandu, nkusenzetsa mayi yekha katundu yense.

Ndipo katunduyo amasenzedwa poyera. Sikelo ikaonetsa kuti mwana watsika, si kawirikawiri mayi kufunsidwa mwakachetechete kuti kunyumba kwagwa chiyani. Nthawi zambiri mau amatuluka pamaso pa anzake onse, ndipo amamveka ngati chidzudzulo. Sitikunena kuti alangizi ndi ankhanza. Munthu mmodzi amene ayenera kuyeza ana ochuluka, kubaya katemera, kulemba m'kaundula ndi kukayendera zitsime tsiku lomwelo sangapeze mpata wocheza ndi aliyense. Koma zotsatira zake nzoopsa: mayi amene mwana wake akuonda, yemwe ndiye afunika sikelo koposa onse, amayamba kujomba poopa manyazi, nadzaonekeranso mwana atatupa kale. Phunziro loimba ndi kuvomereza limakoma m'khutu, koma lilibe malo a funso. Ndani angakweze dzanja pakati pa nyimbo nanena kuti kwao adya kamodzi kokha dzulo?

Apa ndi pamene umphawi ulowera. Chithunzi cha magulu asanu ndi limodzi chimakhala chimodzimodzi m'mwezi wa Meyi, nkhokwe zili zodzaza, ndi m'mwezi wa Febuluwale, pamene ufa watha, makoka aletsedwa panyanja kuti nsomba ziswane, ndipo malungo ali pachimake. Chimakhala chimodzimodzi ngakhale m'zaka zimene Chilwa idaphwa, monga 1968 ndi 1995, kapena 2018 pamene mabwato adagona pa matope ouma. Phunziro losasintha ndi nyengo limaphunzitsa anthu kuti mau a kuchipatala ndi oimba chabe, osati ochita. Mphunzitsi wabwino akadafunsa kuti, "Mwezi uno m'nyumba mwanu muli chiyani?" nayambira pamenepo: nkhwani, chisoso, nsinjiro zochepa, mango a nyengo yake, bonongwe womera yekha kuseri kwa khola.

Achipatala adaliona vuto la kusowa kwa abambo, ndipo m'zipatala zambiri mudabwera mchitidwe wakuti mayi woyembekezera wobwera ndi mwamuna wake athandizidwe msanga, mafumu enanso naika malamulo okakamiza abambo kuperekeza akazi ao. Cholinga nchabwino, koma taonani amene amatsalira kumapeto kwa mzere: mkazi wamasiye, mtsikana wokanidwa mimba, mkazi wa msodzi amene ali pakati pa nyanja, mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni. Lamulo lofuna kukoka abambo lalanganso amayi. Ndipo bambo wobwera chifukwa choopa chindapusa amakhala pa benchi ngati mlendo, akumvera phunziro lokonzedwera akazi, maso ali pa njinga yake.

Sitifunika kupita kunja kukafuna njira ina. M'chaka cha 1999 chipatala chachikulu cha Zomba chidakhala choyamba m'dziko muno kutsegula chipinda chosamalira ana obadwa masiku asanakwane mwa njira ya kangaru, imene idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978. Khanda limamangidwa pachifuwa, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku, kuti lifunde ndi kuyamwa pafupipafupi. Popeza palibe mayi angathe zimenezi yekha kwa milungu ingapo, anamwino amakakamizika kuphunzitsanso womudikirira, amene kawirikawiri ndi gogo kapena mchemwali, ndipo nthawi zina bambo amene. Pamenepo wachibale saonerera chabe; amamangidwa mwana pachifuwa, namva kupuma kwake. Akabwerera kumudzi, gogo uja satsutsana ndi chipatala, pakuti njirayo adaiphunzira ndi thupi lake.

Chitsanzo china chili kumpoto. Pa chipatala cha Ekwendeni, m'boma la Mzimba, ogwira ntchito m'chipinda cha ana onyentchera adaona kuti kuchiza mwana nkumubwezera ku nkhokwe yopanda kanthu nkutunga madzi ndi dengu. M'chaka cha 2000 adayamba ntchito pamodzi ndi alimi ndi wofufuza wa ku Canada, Rachel Bezner Kerr, yolimbikitsa kubzala nandolo, mtedza ndi soya. Posakhalitsa adapeza kuti zokolola zikachuluka sindiye kuti mwana wadya, chifukwa abambo ena ankagulitsa zonse. Tsono adayambitsa masiku ophika pamodzi ndi magulu okambirana, m'mene abambo, agogo ndi amayi ankakhala pamodzi kukangana za ndalama, za ntchito za pakhomo ndi za phala la khanda. Patapita zaka, kuyeza kudaonetsa kuti ana a m'midzi imene idatenga nawo mbali kwa nthawi yaitali ankakula bwino kuposa anzao. Mbeu zidathandiza, koma chidatembenuza zinthu ndi kukangana kuja, kumene sikelo yathu ilibe.

Boma lili kale ndi ziwiya zochitira zotere. Kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo akhala akuchiza malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba m'tizipatala ta m'midzi ya kutali. Chiponde, chimene chidayesedwa ku Blantyre kuyambira 2001, chidalola kuti mwana wonyentchera achire ali kwao m'malo mogonekedwa milungu yambiri. Pali magulu a amayi odzipereka amene amayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anzao za kadyetsedwe ka ana. Zonsezi zafikitsa chipatala pabwalo la nyumba. Koma zikafika pabwalopo zimafunsabe kuti, "Amake mwana alipo?" Ndipo chiponde cholembedwera mwana mmodzi chikagawidwa kwa ana anayi, kapena chikapezeka pa msika, wodzudzulidwa ndi yemwe uja amene sadagamule.

Ena adzati abambo a kunyanja sangapezeke, moyo wao ndi woyendayenda. Izi sizoona. Kuyambira pamene nyanja idaphwa mu 1995, asodzi a ku Chilwa ali ndi makomiti a m'madooko amene amasonkhana kukambirana za maukonde ndi za nyengo yotseka nyanja, ndipo mlangizi wopempha mphindi makumi awiri pa msonkhano wotere sangakanizidwe. Lachisanu ku mzikiti ndi Lamulungu ku tchalitchi abambo amakhala atasonkhana kale. Ndipo mu 2016, kolera itabuka m'dera la nyanjayi, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières ndi ena adakwera mabwato kukafika ku zilumba ndi ku zimbowera ndi katemera wakumwa. Asodzi a m'zimbowera adamwa gawo loyamba pamaso pa achipatala, napatsidwa lachiwiri kuti akamwe okha patapita milungu iwiri, ndipo ambiri mwa iwo adamwadi.