Bertrand Russell pa Siwa

Pali buku limene lakhala likuyendayenda m'zipinda zathu zogona teremu ino, ndipo chikuto chake chasanduka nsanza chifukwa cha manja ambiri. Dzina lake ndi Why I Am Not a Christian, ndiye kuti mlembi akulongosola chifukwa chimene iye sali Mkhristu. Mwini wake ndi Bertrand Russell, Mngerezi wa masamu ndi nthanthi amene anabadwa m'chaka cha 1872 namwalira m'chaka cha 1970. Anzanga ena akaliwerenga amadzuka m'mawa ali akachenjede, nayamba kufunsa aliyense wopita ku mapemphero kuti kodi Mulungu anamlenga ndani. Ena safuna ngakhale kulikhudza. Ine ndaliwerenga kawiri, koyamba ndisanapite ku maliro a amalume anga, kachiwiri nditabwerako, ndipo zimene ndikulemba pano zachokera pa kusiyana kwa maulendo awiriwo.

Nkhani imene yapatsa bukuli dzina inali mawu a pakamwa. Russell anawalankhula pa 6 Malichi 1927 mu holo ya Battersea ku London, pamaso pa anthu a bungwe la National Secular Society, amene anali osapembedza kale. M'chaka cha 1957 Paul Edwards anawasonkhanitsa pamodzi ndi nkhani zina za mkuluyu, nalipanga buku limene tili naloli. Izi nzoyenera kuzikumbukira powerenga, pakuti munthu wolankhula kwa omvomereza kale sakhumudwa pa chitsa chilichonse.

Gawo loyamba ndi la mtsutso weniweni, ndipo pamenepa mkuluyu ndi katswiri. Atenga zifukwa zimene akuluakulu a mpingo akhala akupereka potsimikiza kuti Mulungu alipo, naziswa chimodzichimodzi monga mayi aswa mtedza. Chodziwika kwambiri ndi chija chonena kuti kanthu kalikonse kali ndi chimene chinakayambitsa, tsono payenera kukhala Woyamba. Russell ayankha kuti lamulo limeneli likakhala loona liyenera kumgwira Mulungu yemwe, ndipo likakhala ndi pothawira, dziko nalo lingathawire pomwepo. Iye akuti anatola ganizoli ali ndi zaka 18 powerenga mbiri ya moyo wa John Stuart Mill. Sindinapezebe munthu pa sukulu pano amene wandiyankha funsoli mondikhutiritsa, ngakhale ambiri andiyankha mokweza mawu. Komabe Russell apambana msanga koposa. Zimene anthu anakangana zaka mazanamazana iye azitha m'ndime imodzi ndi nthabwala pamwamba. Pamene anakumana pa wayilesi ya BBC m'chaka cha 1948 ndi wansembe wa chiJezuiti, Frederick Copleston, munthu wodziwa kubweza mawu, mlandu sunathe mophweka chotero.

Pamene andigwira mtima ndi pa nkhani ya Gehena. Sakana kuti Yesu anaphunzitsa zina zabwino, monga kusabwezera choipa ndi kusaweruza ena, ndipo aseka Akhristu kuti iwo eni sazitsata. Koma aona chilema chachikulu pa chiphunzitso cha moto wosatha, nanena kuti munthu wachifundo chenicheni sangachikhulupirire. Akumbutsanso za nkhumba zija zinathamangira m'nyanja, ndi za mkuyu uja unatembereredwa chifukwa chosabala pa nyengo imene siinali ya nkhuyu. Pomaliza atchula muzu wa chipembedzo chonse kuti ndi mantha: kuopa imfa, kuopa kugonja, kuopa zosadziwika. Poliwerenga koyamba ndinalemba mzere pansi pa mawu amenewa, ndipo ndinayesa kuti nkhani yatha.

Amalume anga, alongo awo a amayi, anali munthu wa mowa, ndipo mpingo wawo unawadula kalekale. Ndiwo anagulitsa mbuzi zawo kuti ine ndipeze fizi ya ku sekondale, koma zotere sizilembedwa m'kaundula wa mpingo. Atamwalira, akulu a mpingo ananena kuti mwambo wonse sungachitike, nangotumiza mlaliki mmodzi kuti alankhule kwa amoyo. Mlalikiyo anaima pafupi ndi bokosi, naliloza ndi Baibulo, natiuza kuti tione mathero a munthu wosamva. Kwa ola lathunthu anatifotokozera za moto ngati munthu amene anauwothapo. Amayi anali pa mphasa, manja ali kunkhongo. Pa ola limenelo ndinali wa Russell thupi lonse, ndipo pa mfundo imeneyi sindinasinthe mpaka lero. Kuopseza mlongo wa womwalira ndi moto pa tsiku loika maliro ndi nkhanza, kaya motowo ulipo kaya palibe.

Koma maliro sayamba ndi ulaliki. Usiku wa dzulo lake amayi a m'mudzi, ambiri a iwo a mpingo womwewo umene unakana mwambo, anadzaza m'nyumba ya siwa nachezera kuimba mpaka tambala woyamba. Palibe anawatuma. Wina anabwera ndi ufa m'lichero, wina mtolo wa nkhuni, wina anangobwera ndi mawu ake. Kunja amuna anazinga moto, ndipo m'bandakucha adzukulu ananyamula makasu awo. Ine ndinayang'ana nkhope za amayi aja kufunafuna mantha amene Russell ananena, koma sindinawapeze. Ndinapeza tulo, kutopa, ndi liuma lakuti mnzawo asagone yekha ndi mtembo. Nyimbo zawo zinali za mudzi wa kumwamba umene ine ndinasiya kuukhulupirira ndili mu Fomu 3, komabe pakati pa usiku ndinadzimva ndikuthira besi.

Yankho la Russell ndikulidziwa, ndipo nloona. Iye akanati chifundo cha amayi aja sichitsimikiza kuti kumwamba kulipo, ndi kuti chinthu sichikhala choona chifukwa chakuti chitonthoza. Ndivomera. Dandaulo langa nlakuti buku lake lafotokoza bwino mlaliki uja koma silinafotokoze amayi aja. Munthu wonena kuti wapeza muzu wa chipembedzo ayenera kufotokoza usiku wonse, osati ola limodzi la masana limene limthandiza pa mlandu wake.

Nditabwera ku maliro ndinawerenganso nkhani ziwiri za m'bukuli zonena za imfa, What I Believe ya 1925 ndi Do We Survive Death? ya 1936, ndipo ndinaona chimene chinandiphonya poyamba. Fanizo lake nlokoma: akuti zikumbukiro ndi zizolowezi za munthu zimangidwa pa ubongo monga mtsinje umangidwa pa khwawa lake, kotero kuti khwawa likafafanizika sungayembekeze kupezanso mtsinje womwewo. Anenanso poyera kuti iye akadzafa adzaola basi, ndi kuti sadzanjenjemera nazo. Kulimba mtima kumeneku sikunali kwa pakamwa pokha. M'chaka cha 1948 ndege imene anakwera inagwera m'madzi pafupi ndi Trondheim ku Norway, anthu 19 nafa. Iye anapulumuka ali ndi zaka 76, ndipo mtolankhani atamfunsa zimene ankaganiza m'madzimo anangoti madzi anali ozizira. Atamwalira ku Wales pa 2 Febuluwale 1970, mtembo wake unatenthedwa ku Colwyn Bay patapita masiku atatu, pamaso pa anthu asanu okha, popanda pemphero, ndipo phulusa lake linamwazidwa pa mapiri. Anafa monga ananenera, ndipo ndimchitira ulemu.

Koma taonani imfa imene akukambayi ndi ya yani. Ndi yake. Funso lake monse nlakuti kodi ine ndidzakhalapobe, ndipo kodi ine ndiope. Imfa imene inandigwetsa ine siinali yanga ayi, ndipo amayi pa mphasa paja sankafunsa za ubongo wawo. Pa imfa ya mnzako, ya mlongo wako, ya mwana wako, bukuli lili chete. Chetechete ameneyu adabwitsa tikakumbukira kuti Russell anali mwana wamasiye. Amake ndi mlongo wake anafa ndi nthenda ya pakhosi yotchedwa diphtheria m'chaka cha 1874, atate ake nawatsatira m'chaka cha 1876, iye asanakwanitse zaka zinayi. Analeredwa ndi agogo ake aakazi, nkhalamba yopemphera kwambiri, m'nyumba yaikulu yopanda ana anzake osewera nawo. Munthu wotere ankadziwa kuti wotsala amamva bwanji, koma pa nsanja ya Battersea sanabwere nazo.

Chilema chomwechi ndichionanso pa nkhani ya ukwati. M'buku lake la 1929 lotchedwa Marriage and Morals analimbana ndi malamulo a mpingo pa za amuna ndi akazi, nanena kuti nsanje iyenera kugonjetsedwa ndipo okwatirana asamangane ngati akaidi. Analipira chifukwa cha maganizo amenewa. M'chaka cha 1940 anapatsidwa ntchito yophunzitsa ku City College ku New York, koma bishopu wina anautsa phokoso, mayi wina nakasuma kuti munthu wotere adzaononga ana, ndipo woweruza anathetsa ntchitoyo asanaiyambe. Pa mlandu umenewo ndili mbali ya Russell, monga ayenera kukhala aliyense wokonda sukulu ya ukachenjede. Patapita zaka khumi munthu yemweyo analandira mphotho ya Nobel.

Koma tiwerenge zimene iye mwini asimba m'mbiri ya moyo wake. Anakwatira Alys Pearsall Smith m'chaka cha 1894. Patapita zaka zingapo, tsiku lina akupalasa njinga, anazindikira mwadzidzidzi kuti samkondanso, ndipo poti anali munthu wodana ndi bodza anamuuza. Anakhalabe m'nyumba imodzi mpaka 1911, ukwati nutha ku khoti m'chaka cha 1921. Alys sanakwatiwenso kufikira imfa yake m'chaka cha 1951. Ndi mkazi wachiwiri, Dora Black, anapangana za ufulu uja, koma Dora atabala ana awiri a mwamuna wina, Russell sanathe kupirira zimene anaphunzitsa ena, ndipo banja linapasuka m'chaka cha 1935 ndi kuwawidwa mtima kwakukulu. Anakwatira kanayi konse. Sindikutchula izi kuti ndichite ngati mlaliki uja ndi kuloza bokosi. Abusa nawo mabanja awo amapasuka, ndipo Russell mwini anavomereza atakalamba kuti pa nkhani ya ukwati sanalinso wotsimikiza. Ndikuzitchula chifukwa chakuti maso ake ali malo omwe aja. Amaona bwino munthu wochoka, choonadi chake ndi ufulu wake, koma wotsala pakhomo amamuona mwachimbuuzi.

Chomvetsa chisoni nchakuti panali Russell wina woposa uyu. M'chaka cha 1901 ku Cambridge anapeza mkazi wa mnzake wa masamu, Alfred North Whitehead, akuvutika ndi ululu woopsa wa mtima. Iye asimba kuti poona mayiyo atatsekeredwa yekha m'ululu wake, m'mphindi zisanu zokha anasanduka munthu wina. Anaona kuti kusungulumwa kwa munthu nkosapiririka, ndi kuti chimene chingakuboole ndi chikondi chokha cha mtundu umene aphunzitsi a chipembedzo analalikira. Anagwira dzanja la kamwana ka mayiyo, ka zaka zitatu, nakatulutsa kuti kasavutitse amake. Akuti kudana kwake ndi nkhondo kunayamba pomwepo, kumene kunamlowetsa m'ndende ya Brixton m'chaka cha 1918 pa chigamulo cha miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso masiku asanu ndi awiri m'chaka cha 1961 ali ndi zaka 89. Pamenepa sanaone mngelo, ndipo sanayambe kupemphera. Koma munthu wogwira dzanja la mwanayu akanawamva amayi a pa siwa, ndipo sakanawatcha amantha. Munthu ameneyu m'nkhani ya 1927 mulibe.

Mwana wake wamkazi, Katharine Tait, amene makolo ake anamlera popanda chipembedzo, anadzakhala Mkhristu, ndipo anakhalapo ku Uganda ndi mwamuna wake pa ntchito ya mishoni. M'buku limene analemba za atate ake m'chaka cha 1975 anati mumtima mwa mkuluyu munali malo opanda kanthu amene kale munali Mulungu. Anzanga a mapemphero akondwera nayo mfundo imeneyi ngati kuti yawapatsa mkaidi. Asafulumire. Awa ndi maganizo a mwana wokonda atate ake, ndipo mwini wake sanawasainire. Anakana Mulungu kufikira tsiku lomaliza, ndipo kumlowetsa m'tchalitchi atafa ndi kumchita zomwe zija mlaliki anachita kwa amalume anga, kulankhulira munthu amene sangathenso kuyankha.

Mnzanga wa chipinda amene anandibwereka bukuli wakhala akundiumiriza kuti ndinene ngati ndili mbali yake kapena mbali ya opemphera. Ndamuuza kuti aliwerenge mpaka kumapeto, pakuti chikuto chatha koma masamba a m'kati akali oyera kuyambira pa tsamba la makumi atatu. Amayi atumiza uthenga kuti tikakolola tidzamanga chiliza cha amalume, ndi kuti ndidzabwere ndi matumba awiri a simenti. Afunsanso kuti pamwala tilembepo vesi liti, poti ndine wophunzira m'banjamo, ndipo sindinawayankhe.